Kugona mkati mwa malinga kapena kunja kwake: kusankha hotela ku Carcassonne

Munthu amene akufunafuna malo ogona ku Carcassonne, kum'mwera kwa dziko la France, ayenera kudziwa poyamba kuti dzina limodzili likuimira mizinda iwiri yoyang'anizana imene inalekanitsidwa ndi mtsinje wa Aude. Pamwamba pa chitunda pali Cité, mzinda wakale wozingidwa ndi malinga awiri, lina mkati mwa linzake, otalika pafupifupi makilomita 3 tikawaphatikiza ndiponso okhala ndi nsanja 52, umene bungwe la UNESCO linaulemba m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1997. Kumunsi, kutsidya lina la mtsinje, kuli Bastide Saint-Louis, mzinda wa misewu yowongoka yodutsana, umene unamangidwa m'nthawi ya mfumu Louis IX kuti mukhale anthu amene anathamangitsidwa m'mbali mwa malinga Raymond Trencavel, mwana wa wolamulira wakale wa Cité, atalephera kuilanda mu 1240. Siteshoni ya sitima, misika, mabanki ndi zochitika za tsiku ndi tsiku zili kumunsiko, pamene chimene alendo amadzera chili pamwamba paja. N'chifukwa chake kusankha hotela kuno kumayamba ndi kusankha dera, ndipo dzina la hotelayo limabwera pambuyo.

Chenjerani ndi mayina. Mahotela ambiri amalemba mawu akuti Cité pa dzina lawo ngakhale ali kunja kwa malinga, ena pafupi ndi chipata, ena kutsidya kwa mtsinje, enanso m'mbali mwa msewu waukulu kumene simungachokeko wapansi mosavuta. Limeneli si bodza kwenikweni, chifukwa onsewo akutumikira alendo obwera kudzaona Cité, koma amene walipira akuganiza kuti akagona mkati mwa linga amakhumudwa akafika. Musanalipire, tsegulani mapu ndi kuona pamene hotelayo ili poyerekeza ndi zipata ziwiri zikuluzikulu, Porte Narbonnaise chakum'mawa ndi Porte d'Aude chakumadzulo.

Mkati mwa malinga

Mahotela enieni a mkati mwa Cité ndi ochepa, ndipo odziwika kwambiri ndi awiri. Hôtel de la Cité, ya nyenyezi zisanu, inatsegulidwa mu 1909 pamalo pamene kale panali nyumba ya bishopu, moyandikana ndi tchalitchi cha Saint-Nazaire; ili ndi munda wa maluwa wotsamira ku linga, dziwe losambiramo ndi malo odyera otchuka a La Barbacane. Inayo ndi Le Donjon, imene zipinda zake zili m'nyumba zakale zingapo pakatikati pa mzindawu. Kupatula izi pali nyumba zowerengeka za anthu wamba zolandira alendo, zimene Afalansa amazitcha chambres d'hôtes, komanso tinyumba tochita lendi kwa masiku ochepa.

Amene wagona mkatimu kwenikweni amalipirira maola a m'mawa ndi a usiku. Masana a mwezi wa Ogasiti msewu wa Cros-Mayrevieille, umene umachoka pa Porte Narbonnaise kukwera kulowera ku Château Comtal, nyumba yolimba ya olamulira akale a mzindawu, umadzaza moti munthu amayenda mokhulana mapewa ndi anzake, pakati pa masitolo ogulitsa malupanga amatabwa, zisoti za ana zoyerekeza za asilikali akale, maswiti ndi mapositikhadi. Koma mabasi a alendo akachoka madzulo, ndipo malo odyera a pa Place Marcou akayamba kutseka, mzindawu umatsala wa anthu ochepa chabe. M'mamawa, dzuwa likungotuluka, mungathe kuyenda m'mpata wa pakati pa malinga awiri aja osakumana ndi munthu kupatula woyendetsa galu wake, pamene m'misewu muli timagalimoto tobweretsa buledi ndi zakumwa, ndi antchito amene akutsitsa mipando imene anaisanjikiza usiku. Wogona mkati amaona zimenezi atangotuluka pakhomo, kenaka n'kubwerera kukadya kadzutsa, ndipo masana, khamu likachuluka ndi dzuwa likaswa mtengo, ali ndi chipinda chothawirako pafupi.

Komabe walira mvula walira matope. Mtengo wa chipinda mkati mwa malinga ndi wokwera kuposa wa chipinda chofanana nacho kunja, ndipo m'nyengo ya alendo ambiri kusiyanako kumakula. Galimoto za alendo siziloledwa kuyenda mwachisawawa m'timisewu ta Cité, makamaka masana, chotero mahotela amkati amakonza malo osiyako galimoto ndi njira yonyamulira katundu. Zimenezi zimayenda bwino mukagwirizana nawo tsiku lisanafike, koma zimasanduka chipsinjo kwa amene wangotulukira ndi masutikesi awiri akuluakulu, chifukwa timawilo ta sutikesi ndi miyala yoyalidwa m'misewu yakale sizigwirizana konse. Nyumba zakale zili ndi masitepe opanikiza, ndipo si zonse zili ndi chikepe, zimene wokalamba kapena woyenda ndi khanda ayenera kuziganizira. Chakudyanso cha mkati mwa linga chinakonzedwera alendo odutsa: cassoulet, ndiwo yotchuka ya m'derali ya nyemba zoyera zophikidwa pamodzi ndi nyama ya bakha, ya nkhumba ndi soseji, imapezeka pafupifupi pakhomo lililonse, koma yophikidwa bwino imafuna kufufuza.

Pali mfundo inanso imene ambiri amaizindikira atalipira kale, yakuti wokhala mkati mwa linga saliona lingalo. Chithunzi chimene chinakukokani, cha nsanja zosongoka zitandandalika pamwamba pa chitunda, chimaoneka kwa munthu amene waima kunja ndi kumunsi. Pazenera la chipinda cha mkati nthawi zambiri mumaona kamsewu, madenga kapena bwalo la nyumba, ndipo zipinda zoyang'ana ku linga kapena ku chigwa ndi zimene zimakhala zodula koposa.

Ndibwinonso kunena mosabisa za ukale umene mukulipirira. Pangano la Pyrénées la mu 1659 litasunthira malire a France ndi Spain kum'mwera, Cité inatha ntchito ngati linga la nkhondo, inayamba kugumuka, ndipo pofika zaka za m'ma 1800 inatsala pang'ono kugwetsedwa. Inapulumuka chifukwa cha khama la Jean-Pierre Cros-Mayrevieille ndi Prosper Mérimée, kenaka katswiri wa zomangamanga Eugène Viollet-le-Duc anaikonzanso kuyambira m'ma 1850, ndipo madenga osongoka a nsanja zambiri ndi ntchito ya nthawi imeneyo, imene ena anaidzudzula kuti ikufanana ndi mamangidwe a kumpoto kwa France. Hôtel de la Cité nayo ndi nyumba ya m'zaka za m'ma 1900 yomangidwa motsanzira zakale. Izi sizichepetsa kukongola kwake, koma amene akuganiza kuti akagona m'chipinda chimene munkagona asilikali a Simon de Montfort, mkulu wa nkhondo amene anapatsidwa mzindawu utagwa mu 1209, achepetseko chiyembekezo.

Kunja kwa chipata, m'munsi mwa linga

Kwa alendo ambiri, ine ndimaona kuti dera ili ndilo loyenera, ndipo chifukwa chake n'chosavuta: kulowa mu Cité n'kwaulere ndipo zipata zake sizitsekedwa usiku. Malo olipira ndi Château Comtal pamodzi ndi njira yoyenda pamwamba pa malinga, zimene zimayang'aniridwa ndi bungwe la boma la Centre des monuments nationaux ndipo zili ndi nthawi yake yotsegulira ndi yotsekera, kaya mwagona mkati kaya kunja. Choncho bata la m'mamawa ndi la usiku lija, limene wogona mkati amaligula pa mtengo wokwera, wogona pafupi ndi chipata amalipezanso akangololera kuyenda mphindi zisanu kapena khumi.

Derali lili ndi mbali ziwiri zosiyana ndithu. Mbali ya Porte Narbonnaise ili pamtunda, pafupifupi mulingo umodzi ndi chipata, ndipo kumeneku kuli mahotela monga Hôtel du Château, Montmorency, Mercure ndi L'Aragon. Ubwino wake ndi wakuti galimoto imafika mpaka pakhomo, ambiri mwa mahotelawa ali ndi poimika galimoto ndi dziwe losambiramo, nyumba zake n'zamakono poyerekeza ndi zamkati, ndipo kukafika kuchipata sikufuna kukwera chitunda chachikulu. Banja lokhala ndi ana aang'ono, kapena munthu amene mawondo amamuvuta, sangapeze malo omuyenera kuposa awa. Kuipa kwake n'kwakuti kumeneku n'kumenenso kuli malo aakulu oimikako galimoto ndi mabasi a alendo, motero masana kumakhala piringupiringu, ndipo kupita ku Bastide wapansi ndi kaulendo ndithu.

Mbali inayo ndi ya misewu ya Trivalle ndi Barbacane, midzi yakale imene ili m'munsi mwa chitunda pakati pa linga ndi mtsinje. Rue Trivalle ndi msewu wopapatiza wa nyumba zogundizana, malo odyera ang'onoang'ono ndi nyumba zolandira alendo, ndipo mahotela monga Hôtel du Pont Vieux ndi Espace Cité ali mumsewu womwewu. Kumapeto kwake kuli Pont Vieux, mlatho wamiyala wa m'zaka za m'ma 1300 umene masiku ano ndi wa anthu oyenda pansi, ndipo madzulo magetsi ounikira malinga akayaka anthu amaima pamenepa kuyang'ana Cité yonse kuchokera kumapeto kufika kumapeto. Wogona kuno ali pakati pa mizinda iwiri ija, moti angathe kukwera ku Cité m'mawa, n'kuwoloka mlatho madzulo kukadya ku Bastide. Chimene amalipira ndi thukuta. Njira yokwera ku Porte d'Aude, yoyambira pafupi ndi tchalitchi cha Saint-Gimer, ndi yokongola kuposa zonse koma ndi yotsetsereka, ya miyala imene imaterera kukagwa mvula, ndipo siyoyenera kukokamo sutikesi kapena kukankhamo kangolo ka mwana. Poimika galimoto napo m'misewu imeneyi ndi posowa, kotero hotela imene ili ndi galaja yakeyake iyenera kuwerengeredwa mwayi umenewo poyerekeza mitengo.

Kuno n'kumene mawu akuti vue sur la Cité, kutanthauza chipinda chimene zenera lake likuyang'ana ku malinga, amakhala ndi phindu lenileni. Hotela ingathe kuonetsa pa intaneti chithunzi chojambulidwa pakhonde lake lapamwamba, pamene zipinda zambiri zikuyang'ana kumsewu kapena kuseri. Ngati mukufuna kuona malinga muli pabedi, sungitsani chipinda cha mtundu umenewo potchula dzina lake, ndipo pemphani kuti zilembedwe pa kalata yotsimikizira.

Bastide Saint-Louis ndi kufupi ndi siteshoni

Wofika pa sitima, amene ndi ambiri mwa ochokera kutali chifukwa ndege zazikulu zimatera ku Toulouse kapena ku Paris, amatsikira kumpoto kwa Bastide, pafupi penipeni ndi doko la Canal du Midi, ngalande ya maboti imene Pierre-Paul Riquet anayamba kukumba mu 1666 ndipo inatsegulidwa mu 1681. Kuchokera pasiteshoni kukafika ku Cité ndi ulendo wa pafupifupi theka la ola wapansi, ndipo chigawo chomaliza n'chokwera. Amene akhala usiku umodzi wokha angaone mtunda umenewu ngati chotchinga, koma amene akhala masiku atatu kapena anayi amapeza kuti kugona kumunsi kuli ndi nzeru yake, chifukwa Cité imatheka kuizungulira tsiku limodzi, ndipo masiku otsalawo amathera ku Toulouse, ku Narbonne kapena ku Limoux pa sitima, kapena pa boti la pangalande.

Bastide ndi mzinda wa eni ake. Pa Place Carnot pamakhala msika Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka m'mawa, ndipo wa Lowerukawo ndiwo waukulu. Pali masitolo a zakudya, ogulitsa mankhwala, ochapira zovala, ndi malo odyera amene amadalira makasitomala obwerabwera chaka chonse, zimene zimaoneka pa mtengo ndi pa mbale pomwe. Mahotela a kuno ndi otsikirapo mtengo, ndipo nyumba zochita lendi zokhala ndi khitchini n'zambiri, zomwe zimathandiza banja lofuna kudziphikira. Tisabise kuti madzulo misewu ina ya Bastide imakhala zii, Lamlungu masitolo ambiri amatseka, ndipo chipinda choyang'ana ku misewu ikuluikulu yozungulira mzindawu chimamva phokoso la galimoto. Amene akufuna zabwino za mbali zonse ziwiri afunefune hotela cha kum'mawa kwa Bastide, kufupi ndi Square Gambetta kapena m'mphepete mwa mtsinje, chifukwa kuchokera pamenepo Pont Vieux ili pafupi, ndipo nyumba zina za m'mbali mwa madzi zimayang'ana malinga bwino kuposa zimene zili pansi pake penipeni.

Kunja kwa mzinda

Mahotela a makampani akuluakulu amene ali m'mbali mwa misewu yolowera mumzinda, kufupi ndi msewu wa A61, ndi otchipa, oimika galimoto mosavuta, ndipo zipinda zake n'zofanana kulikonse. Ndi oyenera munthu amene akungodutsa pa galimoto ndipo akufuna bedi laukhondo basi. Wopanda galimoto asawayandikire, chifukwa ndalama zimene wapulumutsa zidzathera pa takisi.

Zosiyana ndi izi ndi malo ogona a kumidzi, pakati pa minda ya mpesa ya Cabardès, Minervois ndi Corbières, kapena hotela yapamwamba ngati Domaine d'Auriac, chakum'mwera kwa mzinda, imene ili ndi bwalo la gofu. Amene akufuna kukaonanso mabwinja a malinga a ku Lastours ndi midzi yozungulira adzasangalala nako, pokhapokha akumbukire kuti chakudya chamadzulo chilichonse chodyera mumzinda chidzafuna woyendetsa galimoto amene sanalawe vinyo. Mwa lamulo la ku France chambre d'hôtes siipitirira zipinda zisanu ndi alendo 15, ndipo kadzutsa amakhala m'kati mwa mtengo wa chipinda. Koma ndi pakhomo pa munthu, palibe wolandira alendo usiku wonse, ndiye nthawi yofikira iyenera kugwirizanidwa.

Zofunsa musanalipire

Safunsa anadya phula, ndipo ku Carcassonne funso loyamba m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti ndi la makina oziziritsira chipinda. Kutentha kumapitirira madigiri 30 kawirikawiri, ndipo chipinda chapamwamba, pansi penipeni pa denga la nyumba yakale, chimasunga kutenthako mpaka pakati pa usiku. Nyenyezi za hotela, zimene zimaperekedwa kudzera ku bungwe la Atout France, zimayeza zinthu monga kukula kwa zipinda ndi zipangizo zimene zilipo, koma sizikuuzani chimene mudzaone pazenera kapena phokoso la mumsewu. Funsaninso ngati kadzutsa ali m'kati mwa mtengo, popeza m'mahotela ambiri amalipiritsa padera, ndipo dziwani kuti pa bilu padzaonjezeredwa taxe de séjour, kamsonkho kamene mlendo wamkulu aliyense amalipira pa usiku uliwonse. Ofika mochedwa akumbukire kuti malo odyera ambiri ku France amaphika masana kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 2 koloko, n'kudzayambanso cha m'ma 7 koloko madzulo, motero hotela yokhala ndi malo akeake odyera ili ndi phindu kwa wofika pa sitima yomaliza.

Amene ali ndi pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia, ngakhale akukhala ku Britain kapena ku South Africa, amafunika viza ya Schengen, ndipo pofunsira vizayo amafuna umboni wa kumene mukagone. Pachifukwa chimenechi ndibwino kusungitsa chipinda chimene mungathe kuchikana osataya ndalama, ngakhale mtengo wake utakwererapo pang'ono, kusiyana ndi kulipiriratu mtengo wotsika wosabwezedwa viza isanatuluke. Ochokera ku Britain alinso ndi mwayi wa ndege za Ryanair zochokera ku London Stansted zotera pabwalo laling'ono la Carcassonne, limene lili chakumadzulo, kufupi ndi Bastide kuposa ndi Cité.

Nyengo imasintha kuwerengera konseku. M'miyezi ya Meyi, Sepitembala ndi Okutobala khamu limachepa, ndipo mitengo imatsikako. M'nyengo yozizira chipinda cha mkati mwa linga chingathe kufika pa mtengo umene munthu wamba angaufikire, ngakhale kuti malo odyera ena amakhala otseka ndipo mphepo ya cers imawomba mozizira pamwamba pa chitunda. Ngati pali nthawi imene ndingalimbikitse munthu kugona mkati, ndi imeneyi, kapena pa ulendo wapadera wa usiku umodzi monga wokumbukira tsiku la ukwati. Mu Julayi zinthu zimatembenuka, chifukwa pa Festival de Carcassonne zoimbaimba zikuluzikulu zimachitikira m'bwalo la Théâtre Jean-Deschamps, mkati mwa malinga moyandikana ndi tchalitchi cha Saint-Nazaire, ndipo wogona chapafupi amamva nyimbozo mpaka usiku, afune asafune.

Tsiku lovuta koposa ndi la 14 Julayi, pamene dziko la France limakondwerera tsiku lake ndipo Carcassonne imachita mwambo wa embrasement de la Cité, woyatsa makombola okongola pamalinga mpaka mzinda wonse kuoneka ngati ukupsa. Zipinda zimatha miyezi ingapo tsikulo lisanafike, misewu yambiri imatsekedwa, ndipo galimoto zimapanikizana potuluka mpaka usiku kwambiri. Popeza makombolawo amaphulitsidwira pamalinga pomwepo, oonera bwino ndi amene ali kumunsi, m'mphepete mwa Aude ndi cha ku mlatho wa Pont Neuf, kotero pa usiku umenewu chipinda chofunika kuchilimbirana ndi cha kutsidya kwa mtsinje chokhala ndi zenera kapena khonde loyang'ana ku Cité, chimene mungabwerereko wapansi mwambowo ukatha.